Tikufuna kukwera Sapitwa mu Julayi, amene munafikako tithandizeni

Nachisale_LL:
Moni nonse muno. Ine ndi anzanga a ku ofesi tikupanga zokwera phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa penipeni pa mamita 3,002 paja, osati kungothera pa Dziwe la Nkhalamba n'kujambulitsa ngati mmene ambiri amachitira. Tichokera ku Lilongwe ndipo palibe amene anakwerapo phiri lalikulu, ambirife timangodziwa Nkhoma basi. Ndiye funso langa, kodi zingatheke kunyamuka Lachisanu madzulo, Loweruka kukwera, Lamlungu kutsika kuti Lolemba tipezeke pa ntchito? Komanso kumwambako timagona kuti, zakudya timanyamula tokha? Wina pagulupa akuti gayidi n'kuwononga ndalama poti pa foni pali mapu, ine mtima wanga sukuvomera koma ndilibe pomutsutsira.

Mbwiye wa ku Chitakale:
Achemwali, pulani ya Loweruka ndi Lamlungu yokhayo isiyeni. Alipo anyamata olimba amene amatha koma inu oyamba kumene, mwagonera ulendo wa Lilongwe usiku, miyendo idzakukanani musanafike n'komwe pa Chisepo, pogonera pa m'munsi mwa Sapitwa. Pemphani tchuthi mukhale ndi masiku atatu a m'phiri, anayi ngati abwana angalole.

Mukafika pa Chitakale mumakhotera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pamenepo pali ofesi ya za nkhalango, ndi pomwe mumalembetsa, kulipira zolowera ndi za ma hut (nyumba zogonamo za m'phirimo) komanso kupeza gayidi ndi onyamula katundu. Tsiku loyamba kwerani mukagone ku Chambe, njira ya Skyline ndi yachidule koma ndi yoimirira zedi, ya Chapaluka ndi yotalikirapo koma imatsata mtsinje ndiye mumapumako bwino. Tsiku lachiwiri Chambe kupita ku Chisepo, iyi ndiye hut yomwe ili m'munsi mwa Sapitwa. Tsiku lachitatu mudzuke kusanache, musiye zikwama pa hut, mukwere ndi madzi ndi kakudya basi, mubwerere pomwepo dzuwa likadalipo. Kumtundako si njira yoyenda manja ali m'thumba ayi, pali matanthwe otsetsereka oti mukukwawa ndi manja ndi miyendo, penanso kulowa pansi pa miyala ikuluikulu n'kutulukira mbali ina.

Za mnzanuyo wa mapu a pa foni, mumuuze kuti Mulanje ali ndi chiperoni. Kumwamba kuli mbee bwinobwino, pakangopita kanthawi nkhungu yatseka moti munthu amene ali patsogolo panu simukumuona, ndipo zizindikiro zopaka pa miyala zija sizioneka. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezeke, mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anamusiya gayidi wake n'kupitiriza yekha, anakamupeza atamwalira patapita masabata. Ife a kuno nkhani zimenezi zimatipweteka chifukwa ndi ana a eni ake amene anabwera ndi chimwemwe. Gayidi akanena kuti lero sitikwera, musalimbane naye.

Tiya_bt:
Ine ndingowonjezera za kuzizira, poti a Mbwiye anena zambiri kale. Julayi kumwambako madzi amatha kuundana usiku, si kuzizira kwa ku Area 25 kumene mukukudziwa inu. Tengani sleeping bag yeniyeni, jekete yosalowa madzi, chipewa, masokosi ambiri, tochi ya pamutu. Nsapato zikhale zoti mwayenda nazo kale ndipo pansi pake pakhale pogwira, zatsopano zidzakutulutsani matuza tsiku loyamba lomwe.

Mu ma hut muli mlonda, amakusonkherani moto ndi kukutungirani madzi, koma chakudya ndi chanu. Ufa, mpunga, soya pieces, usipa, chiponde, shuga ndi masamba a tiyi, mugule pa Chitakale kapena ku Limbe chifukwa m'phirimo mulibe okala. Netiweki imagwira malo ena ndi ena basi ndiye power bank ndi ndalama za m'manja musaiwale, ndipo uzani wina kunyumba tsiku lomwe mukuyembekeza kutsika.

Che Jafali:
Koma ine ndikuona ngati mukuwaopseza anthuwa. Bwanji osapita mu Seputembala kukafunda, kusiyana n'kukazunzika ndi chisanu?

Mbwiye wa ku Chitakale:
Che Jafali sikuopseza ayi, tikufuna apite abwereko bwino adzaitanenso anzawo. Seputembala ndi Okutobala n'zotheka ndithu ndipo usiku sikuzizira kwambiri, vuto ndi dzuwa pokwera komanso utsi wa moto wa m'tchire, mumafika pamwamba koma kutali osaona bwino. Nyengo yomwe ndingakanize ndi ya mvula, matanthwe aja akanyowa amaterera koopsa ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023 malo ena anagumuka, ndiye njira yabwino amaidziwa ndi amene amayendamo sabata ndi sabata.

China chomwe chimandikhudza, onyamula katundu aja musawanenerere mpaka kuwafinya. Mtengo wake mufunse pa ofesi pomwepo, mugwirizane musananyamuke, chikwama chisalemere mopitirira, ndipo pophika muwawerengere nawonso. Ndi anthu a m'midzi yozungulira phirili, ndalama imeneyo ndi fizi ya ana. Komanso wina akakutsatsani zosema za mkungudza musagule chonde, mtengo umenewu kwawo kwachilengedwe ndi m'phiri lino lokha ndipo unatsala pang'ono kutheratu ndi macheka, pano anthu akuvutika kudzalanso mbande.

Nachisale_LL:
Zikomo kwambiri a Mbwiye ndi a Tiya, ndatumiza zonsezi pa gulu lathu la WhatsApp ndipo wa mapu uja wavomera za gayidi. Tagwirizana zopempha Lachinayi ndi Lachisanu, komanso Loweruka lililonse tiziyamba takwera Nkhoma ndi zikwama kumsana kuti miyendo izolowere. Funso lina, pagulupa pali mayi wina amene ali ndi asima koma akufunitsitsa, kodi atha kutsala pa Chisepo ndi mlonda ife tikamapita pamwamba?

Tiya_bt:
Eya anthu amatsala pa hut, palibe vuto, koma ayambe aonana ndi adokotala asananyamuke chifukwa mphepo yozizira ija ndi utsi wa nkhuni m'nyumbamo zimatha kudzutsa chifuwa. Mankhwala ake akhale m'thumba la jekete osati m'chikwama chomwe chili ndi wonyamula katundu, ndipo gayidi mumuuziretu pa Likhubula pomwepo.