Zowonjezera pa funso la mfuti ya m'manja yodzitetezera ku zimbalangondo ku Alaska

Pa funso lija, loti munyamule Glock 20 (mfuti ya magazini) ya zipolopolo za 10mm Auto kapena revolver (mfuti yokhala ndi silinda yozungulira yoikamo zipolopolo) ya zipolopolo za .44 Magnum, tinati zonse zingagwire ntchito. Za zipolopolo ndiye tinangodutsa, pomwe nkhani yagona pamenepo.

Zipolopolo zabowo kutsogolo zisiyeni. Zimatambasuka zikangolowa, n'kuima zisanadutse minofu ndi mafupa a chimbalangondo. Tengani za mtovu wolimba, zaphwatalala kunsonga: zolemera ma grain (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo) 200 mpaka 220 pa 10mm, pafupifupi 300 pa .44 Magnum.

Koma zimenezi zili ndi mavuto ake. Mpope wa Glock uli ndi mizere ya polygonal mkati mwake (yosalala, yopanda m'mphepete mwakuthwa), ndipo kampaniyo imaletsa zipolopolo za mtovu wosakutidwa ndi chitsulo china, n'chifukwa chake ambiri amaikamo mpope wina wa mizere wamba. Nsonga yaphwatalala imathanso kukodwa polowa mumpope. Ombani magazini angapo a zipolopolo zomwezo musanapite kutchire. Ikakodwa ngakhale kamodzi, sinthani mtundu wa zipolopolo.

Pa revolver yopepuka vuto ndi lina. Ikagunda m'manja, zipolopolo zotsala zimasololoka pang'onopang'ono m'makatiriji ake (timabotolo tachitsulo tokhala ndi onga) mpaka chimodzi chitatulukira kutsogolo, silinda n'kukana kuzungulira. Poyesa, ikani zonse zisanu ndi chimodzi, ombani zisanu, kenako yezani chotsalacho. Chikatalika, musazikhulupirire.

Mfutiyo ikhale m'chikwama chake pachifuwa, poti lamba wa chikwama chakumsana amatchinga m'chiuno. Mafuta pakani ochepa chabe, chifukwa kukazizira kwambiri amalimba. Bear spray (mankhwala a tsabola opopera pothamangitsa chimbalangondo) musamusiye kunyumba, akhale pomwe dzanja lifika msanga.