Thandizeni pa asayimenti: nkhani imodzi imamanga bwanji gulu?

MwanaWaKapata:
Muli bwanji abale nonse. Ndili chaka chachiwiri ku koleji ndipo alekichala atipatsa asayimenti pa chinthu chomwe akuti symbolic convergence theory, ati tifotokoze mmene anthu a gulu limodzi amafikira poona zinthu mofanana chifukwa cha nkhani zomwe amakambirana, kenako tipereke chitsanzo cha kwathu kuno osati za ku America ayi. Manotsi ndawerenga katatu koma mutu wangozungulira. Chandisokoneza kwambiri ndi liwu loti fantasy, kodi ndiye kuti nkhanizo ndi zabodza? Nanga bodza lingagwirizanitse bwanji anthu? Lachisanu ndiye lomaliza kupereka, chonde amene munadutsamo ndithandizeni.

Ticha_wa_Katete:
Mwanawe usaope, dzina lokha ndi lomwe likuopsa. Mwini wake ndi Ernest Bormann wa ku University of Minnesota, anailemba mu 1972, koma anatengera kwa Robert Bales wa ku Harvard yemwe ankaika anthu ochepa mchipinda nkumaonerera mmene akukambirana. Bales anaona kuti msonkhano umatha kukhala wozizira, wina akuyasamula wina akuyang'ana kudenga, ndiye mmodzi nkuponya kankhani ka zomwe zinachitika kwina kapena kale, basi anthu kudzuka, kuseka, kudulana mawu, uyu awonjezera mchere uyu tsabola mpaka nkhani ija siikhalanso ya amene anaiyamba. Pamenepo ndiye akuti nkhani yagwira, yalumikizana ngati unyolo.

Fantasy sikutanthauza bodza. Ndi mmene gululo lakonzera chochitika, ndani ngwazi, ndani mdani, zinachitikira kuti, kuti chimveke ndi kuwafika pamtima. Chochitikacho chikhoza kukhala choona ndithu. Nkhani ikabwerezedwa kambiri pamatsala kaliwu kamodzi kokha koti ukangotchula onse amvana, wakunja nkumangoyang'ana kukamwa. Tinkhani totere tikachuluka nkugwirizana ndi pomwe Bormann akuti rhetorical vision, ndiye kuti kaonedwe kawo ka dziko lonse. Ukafuna wina woikapo, Walter Fisher mu 1984 anati munthu ndi cholengedwa chosimba nkhani, ndipo timakhulupirira nkhani ngati ikugwirizana yokha komanso ngati ikufanana ndi zomwe tinaonapo pamoyo.

Chitsanzo ine ndingakupatse mwambo wa Achewa wa Kulamba wa pa Mkaika mu Ogasiti. Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, mapasipoti atatu ndalama zitatu, koma onse akafika pamaso pa Kalonga Gawa Undi nkhani ndi imodzi, tinachokera ku Uluwa, ku Congo.

NgoniWaMtenguleni:
Aticha mwafotokoza bwino koma mwathamangira kwanu kkkk. Iwe mphwanga lemba za Nc'wala, mwambo wathu wa Angoni, umalize msanga. Ife nkhani yathu ndi ya 1835 pamene Zwangendaba anawolotsa anthu ake pa Zambezi cha ku Zumbo ndipo tsiku lomwelo dzuwa linadetsedwa masana. Kadamsanayo ngoona, ndi amene anathandiza akatswiri a mbiri kupeza chaka chenicheni. Koma tamvera agogo akamasimba, ena amati mfumu inamenya madzi ndi ndodo mtsinje nkugawikana, ena amati anawoloka ndi mabwato a anthu a m'mphepete mwa mtsinjewo, ndipo palibe amene amamenyana chifukwa cha kusiyanako popeza mtima wa nkhani ndi woti tinawoloka. Onjezerapo Nsingo mwana wa mfumu Mpezeni yemwe azungu anamuwombera mu 1898 nkhondo itatha, mwambo unaima zaka zambirimbiri mpaka kuubwezeretsa mu 1980.

Chomwe chimandidabwitsa ine nchakuti chilankhulo chomwe makolo anabwera nacho kuchokera kummwera chinatayika, pakhomo timalankhula zosakanikirana ndi Chinsenga, ambiri mwa ife magazi ndi a Chinsenga ndi Chichewa kumene chifukwa cha amayi athu, koma ikafika Febuluwale munthu wavala zikopa wanyamula chishango akufuula Bayethe kulemekeza mfumu misozi ili m'maso. Chamugwira si magazi, ndi nkhani ija.

Amake_Mapasa:
Ine sukulu yanu ya ma theory sindinafikeko koma zomwe akamba aticha ndazizindikira. Pagulu lathu la banki ya m'mudzi tilipo azimayi okhaokha, chaka choyamba mayi wina anatenga ngongole ati akaode kapenta, mmalo mwake anakagula wigi ndi nsapato za ukwati wa mlamu wake. Tinavutana naye miyezi, anabweza ndithu ndipo lero ndi msungichuma wathu, koma mpaka pano wina akapempha ndalama timangofunsa kuti ndi kapenta weniweni kapena kapenta wa pamutu? Basi tonse kugwa nako kuseka, mwini wake ndiye amaseka kwambiri, ndipo wopemphayo wamva kale chenjezo popanda kumuwerengera malamulo.

Koma achimwene a ku Mtenguleni mwangokamba kukoma kwake. Ine ndinakwatiwa kuno kuchokera ku Petauke ndipo ndikudziwa kuwawa kwake kokhala pakati pa anthu akuseka iwe osadziwa chomwe chikuseketsa. Mayi wina watsopano pagulu pathu anabwera kawiri kokha nkusiya, pambuyo pake tinamva kuti ankaganiza kuti kapenta wa pamutu tikunena tsitsi lake. Komanso nkhani zomwezi ndi zomwe zimapha anthu kumidzi, mwana akamwalira anthu ayamba kunong'ona, uyu awonjezera kuti anaona agogo akuti usiku, uyo ati nane ndinalota, pofika mmawa mudzi wonse wagwirizana kuti nkhalamba ija ndi mfiti. Kumenekonso ndi kugwirizana, kapena a Bormann anu sanaziganizire?

Ticha_wa_Katete:
Amake Mapasa mwalasa. Theory yi siinena kuti zomwe gulu lagwirizana ndi zabwino kapena zoona, imangolongosola mmene zimachitikira, ndipo nkhani ikakhala ndi ngwazi nthawi zambiri imafunanso mdani. Mwanawe zimene anena mayiwa uziikemo, alekichala amakonda wophunzira woona mbali zonse.

Wa_Chipolopolo:
Palibe watchula mpira?? Pa 27 Epulo 1993 ndege yonyamula timu ya dziko la Zambia inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville ku Gabon, anthu 30 anatha, 18 mwa iwo osewera. Ndiye 2012 fainolo ya AFCON, chikho cha mayiko a mu Africa, nkukhalanso ku Libreville komweko, anyamata a Hervé Renard anapita kugombe kukaponya maluwa, pa 12 Febuluwale tinachinya Ivory Coast ya Drogba 8-7 pamapenate, Sunzu ndiye anamaliza. Anthu anawerenga kuti mapenate onse omenyedwa anali 18, ndiye ukauze munthu wa ku Zambia kuti zinangochitika mwangozi uone mmene akuyang'anire. Usiku umenewo kuno ku Chipata tinathamanga mumsewu ndi anthu omwe sindinawaonepo chibadwire, palibe anafunsa mnzake mtundu.

Koma chitsanzo chomwe ine ndingasankhe ndi chimbuya chathu ndi Abemba. Makolo ankalasana ndi mikondo, lero iwo amatinena za mbewa ife timawabwezera za anyani, pamaliro amatipaka ufa nkutilipiritsa ndipo palibe wokwiya. Munthu wochokera dziko lina akamva angaganize kuti ndeu yayamba. Mdani uja amake Mapasa akunena ife tinamusandutsa msuweni, nkhani ya nkhondo ndi yomweyo koma tinaisintha kasimbidwe.

NgoniWaMtenguleni:
Mbewa ndi ndiwo, nyani ndi wachibale, Abemba ali muno ayankhe kkkk

MwanaWaKapata:
Zikomo kwambiri nonse, manje zalowa. Ndaganiza zotenga chimbuya ngati chitsanzo chachikulu chifukwa muli zonse, nkhani yakale, timawu tomvana eni okha, ndi wakunja wosamva. Amake Mapasa ndikupempha ndigwiritseko ntchito kapenta wa pamutu, sinditchula gulu lanu kapena dera. Aticha funso lina, poti akuti ma peji asanu, kodi ndiyambe ndi Bales kapena ndilowe kwa Bormann mwachindunji?

Amake_Mapasa:
Tenga mwanangu, koma ukakhoza ubwere ndi shuga.

Ticha_wa_Katete:
Bales mpatse ndime imodzi basi, malo ambiri usiyire chimbuya. Ndipo usangolemba za m'mutu, pita pa msika wa Kapata mawa ukakhale pafupi ndi ogulitsa kwa ola limodzi, ulembe mawu enieni omwe akuponyerana, ndani wayamba, ndani wawonjezera, ndani wangokhala chete.