Kodi malata a aluzinc ndi oyenera ndalama zake kwa ife okhala pafupi ndi nyanja ya mchere?

aPhiri a ku Macuti:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Macuti, pafupi ndi nyanja, mumzinda wa Beira ku Mozambique. Denga langa latha. Malata amenewa ndinakhoma mu 2019 namondwe Idai atangodutsa, aja tinkagula mothamanga kuti ana apeze pobisala, wamba a geji 30. Dzulo ndinakwera pamwamba kukaona podontha. Msomali uliwonse wazunguliridwa ndi dzimbiri, ndipo pena nditasindikiza ndi chala, chala chinalowa. Mvula ikagwa timayala mabeseni atatu pabalaza. Ndinapita ku Maquinino, mu Beira momwemuno, kukafunsa mitengo ya malata, wogulitsa akuti ndisataye nthawi ndi wamba, ndigule a aluzinc opaka kale penti. Koma mtengo wake, abale, ukuyandikira kuwirikiza kawiri, ndipo ndikufuna malata 46. Kodi alipo amene anawakhomapo? Ndigule kapena ndisiye?

Amalume a ku Manga:
Mphwanga, ine ndinena mosabisa: usagule. Ndakhala mu Beira muno zaka zoposa 30. Usiku wa pa 14 March 2019 ndinaona ndi maso anga malata akuuluka ngati mapepala, okwera mtengo ndi otchipa omwe. Mu January 2021 kunabweranso namondwe Eloise, anatenga mbali ina ya khitchini yanga. Mphepo siifunsa kuti lata ili linagulidwa zingati. Gula wamba, uwapake penti, yotsalayo ulipirire ana sukulu. Akatha udzagula ena.

aPhiri a ku Macuti:
Amalume, zimene mukunenazo n'zimene zikundisowetsa tulo. Komanso ndikawerengera, kugula wamba kawiri ndi kulipira mmisiri kawiri, ndalama yake ikuposa kugula abwino kamodzi. Ndiye silingi imene yavunda ndi madzi sindinaiwerengere.

Nangozo wa ku Ponta Gêa:
Achimwene, ine ndinagula a aluzinc, obiriwira, ndipo mtima unandiwawa. Pasanathe zaka ziwiri ndinayamba kuona timadontho tofiira denga lonse, ngati munthu wawaza phulusa lamoto. Kenako mizere ya dzimbiri kutsika kuchokera pa msomali uliwonse. Ndinabwerera kusitolo, anandiuza kuti vuto ndi amene anakhoma. Amene anakhoma akuti vuto ndi malata. Ine ndili pakati, ndalama zapita.

aBanda mmisiri wa ku Munhava:
Achemwali, ndikufunseni mafunso awiri. Podula malatawo anagwiritsa ntchito chiyani? Nanga anakhomera chiyani?

Nangozo wa ku Ponta Gêa:
Anadulira gulayinda, ali pamwamba pomwepo, moto uli thethethe. Misomali ndi yomwe ija ya zipewa timagula pa kilo.

aBanda mmisiri wa ku Munhava:
Ndiye malata anu sanalakwe, achemwali. Anaphedwa tsiku lomwe anakhomedwa.

Ndifotokoze bwinobwino chifukwa nkhani imeneyi ndimakumana nayo sabata ndi sabata. Lata lililonse mkati mwake ndi chitsulo. Chosiyana ndi chimene analikutira kunja. Wamba amakutidwa ndi zinki yekha. Mchere wochokera kunyanja ukasakanikirana ndi chinyontho umadya zinkiyo msanga, akatha chitsulo chimakhala pamtunda. A aluzinc amakutidwa ndi msakanizo: magawo 55 pa 100 ndi aluminiyamu, 43 ndi pang'ono ndi zinki, kotsalako silikoni. Aluminiyamuyo ndi amene amalimbana ndi mchere. Kunena zoona, pamphepo ya kunyanja amapirira kuposa wamba, zimenezo sinditsutsa.

Koma ali ndi malamulo ake. Gulayinda imawotcha chokutiracho m'mphepete modula, ndipo tizitsulo totentha timene timathetheka timakamira pa penti. Mame akagwa usiku umodzi, m'mawa tachita dzimbiri. Ndi timadontho tanu tija. Amafunika kudula pansi, ndi sizasi ya malata, ndipo poweruka tsiku lililonse kusesa denga lonse. Ngakhale kulemba mzere ndi pensulo yakuda ija sitilola, chifukwa mtima wa pensulo umayambitsa dzimbiri pa aluminiyamu. Timalembera choko kapena maka.

Misomali ya pa kilo ija ku Macuti siichedwa kutha. Ikayamba dzimbiri imadya ndi lata lomwe poizungulira. Pamafunika masikuluwu a malata okhala ndi kamphira pansi pa mutu, ndipo pogula mufunse a Class 4, opangira m'mbali mwa nyanja. Pomanga osafinya mpaka kamphirako kuphwanyika.

Amalume a ku Manga:
Mwaona? Malata odula, masikuluwu odula, mmisiri wodula. Ndiye munthu wolandira malipiro a pamwezi afika? Kwathu ku Ulongwe nyumba ya bambo anga ili ndi malata wamba a nthawi ya Apwitikizi, mpaka lero sadontha.

aMwale a ku Durban:
Amalume, ndi ulemu wonse, ku Ulongwe kulibe mchere mumphepo. Ngakhale ku Salima ndi ku Nkhotakota, nyumba zili pagombe penipeni koma malata amakhalitsa, chifukwa nyanja ya Malawi madzi ake alibe mchere. Komanso malata akale aja anali okhuthala, zinki wake wambiri. A lero otchipawa mukhoza kuwapinda ndi dzanja limodzi. Ine ndimagwira ntchito yokonza nyumba kuno, ndipo nyumba zoyang'anizana ndi nyanja ngakhale loko wa pageti amachita dzimbiri chaka chisanathe.

aPhiri, mukapita kusitolo musangomva mawu akuti aluzinc. Tembenuzani lata muone kuseri, opanga enieni amadinda zilembo m'mphepete. Mukaona AZ150 ndiye kuti chokutiracho chikulemera magalamu 150 pa sikweya mita, mbali zonse ziwiri pamodzi. Alipo a AZ70 ndi AZ100, nawonso amatchedwa aluzinc, koma chokutira chawo ndi chopyapyala. Kwa inu amene mafunde mumawamva muli pabedi, AZ200 ndiye woyenera akapezeka, AZ150 akhale wotsikitsitsa. Lata lopanda chidindo lisiyeni, ngakhale penti yake iwale bwanji. Ndipo akakuuzani za chitsimikizo cha zaka zakutizakuti, pemphani pepala muwerenge nokha, chifukwa opanga ambiri amachepetsa zakazo kapena kuchotseratu nyumba ikakhala pafupi kwambiri ndi nyanja.

aPhiri a ku Macuti:
Zikomo achimwene, za chidindozo sindinkazidziwa. Nyumba yanga kuchokera kugombe ndi kuyenda mphindi zisanu zokha. Mawindo timapukuta m'mawa, madzulo achita kale mbuu.

Nambewe wa ku Dondo:
Kuno ku Dondo tili kutali ndi nyanja pafupifupi makilomita 30, ndipo malata wamba a geji 28 akutisunga bwino. Ndiye amalume sakulakwa kwenikweni, zimatengera pamene munthu uli. Koma bwanji osaganizira lusalite, malata a simenti aja? Sachita dzimbiri, m'nyumba mumazizira, mvula ikamagwa mumamvana polankhula.

aBanda mmisiri wa ku Munhava:
Lusalite dzimbiri alibe, inde. Koma ndi wolemera, mitengo ya denga la aPhiri inamangidwira malata opepuka, ayenera kuisintha yonse. Amasweka chinthu chikamugwera, ndipo amamera ndere kuno kwa chinyontho. Chachikulu, musagule wakale wogwetsedwa panyumba zina. Wakaleyo ali ndi asibesitosi, fumbi lake mukamadula kapena kuboola limawononga mapapo.

Ndibwerere kwa amalume, chifukwa mfundo yawo ya mphepo ndi yaikulu kuposa ya dzimbiri. Madenga ambiri amene ndinawaona atasasuka mu 2019 sanang'ambike pakati pa lata. Ena anazuka pa misomali, chifukwa msomali wosalala umasolokoka mumtengo ukagwedezeka usiku wonse, makamaka pamene dzimbiri lakulitsa kale bowo. Ena ananyamuka athunthu, malata ndi mitengo yomwe, chifukwa mapaso anangosanjikidwa pakhoma n'kutsekera ndi matope a simenti. Mphepo imayambira m'makona ndi m'mphepete, ikalowa pansi imakankhira m'mwamba. Ndiye mapaso amangidwe ku lintala ndi chitsulo chopyapyala chija kapena waya wokhuthala wopindidwa kawiri. M'mphepete ndi pamsonga sikuluwu ikhale pa nthiti iliyonse ya lata, osadumpha. Denga la khonde likhale lapalokha, kuti likanyamuka lisakoke la nyumba. Kuika njerwa ndi matumba a mchenga pamwamba kumathandiza tsiku limodzi, koma pansi pake pamasunga madzi, dzimbiri limayambira pomwepo.

Amalume a ku Manga:
Apo ndavomera, aBanda. Khitchini yanga ija inanyamuka ndi mitengo yomwe. Koma ndikunenabe kuti ngati ndalama ndi yochepa, iyambe yapita ku mitengo ndi zomangira. Kukhoma malata a mtengo wapatali pa mapaso odyedwa ndi chiswe ndi kutaya.

Nangozo wa ku Ponta Gêa:
Nanga langali lingapulumuke, kapena basi?

aBanda mmisiri wa ku Munhava:
Lingapulumuke ngati silinabooke. Timadonthoto timachoka ndi madzi a sopo ndi burashi yofewa, osati ya waya. Misomali izulidwe umodziumodzi, m'malo mwake mulowe masikuluwu okulirapo pang'ono. Muonenso pamene malata akhudzana ndi simenti, monga pakhoma la kumapeto. Aluzinc sagwirizana ndi simenti yonyowa, imamudya kuposa mmene imadyera wamba. Pamenepo pamafunika kupaka phula kapena kuika pulasitiki pakati. Chimodzimodzi pa matabwa obiriwira aja onyikidwa m'mankhwala a chiswe, muli kopa, pakhale chotchinga pakati pa thabwa ndi lata.

aMwale a ku Durban:
Ndiwonjezere za magata. Mukakhoma aluzinc pamwamba, musaike magata a zinki wamba pansi pake. Madzi otsika pa aluzinc amabowola zinki pamene akudonthera. Ikani a pulasitiki kapena a aluzinc omwewo. Komanso malo amene mvula siifika, monga kunsi kwa malata otulukira kunja kwa khoma, ndi amene amayamba kuwola, chifukwa mchere umangounjikana osatsukidwa. Kuwathira madzi a pampopi miyezi ingapo iliyonse, makamaka nyengo yopanda mvula, kumawonjezera moyo wa denga. Masamba a mango ndi a kokonati osawasiya agone pamwamba.

aPhiri a ku Macuti:
Ndamva nonse. Ndakhala pansi ndi mayi a kunyumba tawerengera. Ndalama imene tili nayo siikwana malata 46 a aluzinc pamodzi ndi masikuluwu ndi zomangira. Tikuganiza zoyamba ndi mbali yoyang'ana kunyanja, imene yaonongeka kwambiri, malata 24. Mbali ya kuseri tiipale dzimbiri, tiipake penti, idikire chaka chamawa. Loweruka ndibwerera ku Maquinino kukatembenuza malata aja ndione chidindo. Chikapanda kupezeka ndikafuna kwina.

aBanda mmisiri wa ku Munhava:
Zimenezo zitheka, bola atsopano ndi akale asakhudzane, ndipo chophimba cha pamsonga chisatsanulire madzi ake pa akale osapaka penti. Musanapereke ndalama kusitolo, kwerani m'silingi ndi tochi ndi sikuludiraiva, mubaye phaso lililonse, makamaka kumapeto kumene lalowa m'khoma. Likalowa ngati mukubaya chinangwa chophika, limenelo lichoke. Muwerenge ofunika kusintha mundiuze, ndipo tiyambe mvula ya December isanafike.

aPhiri a ku Macuti:
Ndikwera mawa m'mawa dzuwa lisanatenthe. Amalume, mundibwereke makwerero anu aatali aja, anga safika.

Amalume a ku Manga:
Tuma mnyamata adzatenge madzulo ano. Ubayenso mtanda wa pakati, chiswe chimakonda kubisala mmenemo.