Wodwala sakukhazikika, usiku wachitatu tikumumanga

Nesi wausiku: Anzanga ndithandizeni nzeru. Tili ndi mnyamata pa wodi, anabwera ndi psychosis (matenda osokonekera maganizo) sabata yatha. Masiku oyamba anali phee, koma kuyambira Lachitatu sakukhala pansi, angoti uku wapita uku wabwera, akagona mphindi ziwiri wadzukanso. A masana anati wayamba kuvuta, amuwonjezera haloperidol, mankhwala ake a psychosis, ndiye zangonyanya. Pano tikumumanga pa bedi. Dzulo ndikumumasula anandiuza kuti "sista, inetu si mbuzi" ndipo mawu amenewo sakundichoka m'mutu.

CO (clinical officer) wakale: Sista, musanachite china chilichonse mumufunse funso limodzi, akuyenda chifukwa akufuna kapena miyendo ndi imene ikumukakamiza? Izi zikumveka ngati akathisia, kusakhazikika kwa thupi kobwera ndi mankhwala. Haloperidol amachita zimenezo, makamaka masiku oyamba kapena dozi ikangokwera, ndiye ife timaona ngati matenda akukula nkuwonjezeranso mankhwala omwewo amene akumuzunza.

Nesi wausiku: Anandiuzapo kuti mkati mwa miyendo muli ngati nyerere. Ine ndinalemba ngati hallucination, kumva zinthu zomwe palibe, eish.

CO wakale: Ndi akathisia yomweyo. Dokotala amuone mmawa uno, atsitse dozi kapena asinthe mankhwala. Propranolol, mankhwala a mtima ndi BP, amathandiza bola BP ndi pulse zili bwino ndipo alibe asima. Benzhexol musamudalire kwambiri apa, iye amagwira bwino pa kuuma kwa khosi ndi kunjenjemera. Mumufunsenso ngati akuganiza zodzipha, akathisia imamufikitsa munthu pamenepo.

Achimwene a naiti: Zonse ndamva koma tisamangoweruzana. Usiku umakhala wekha ndi wodi yonse, wina akulira wina akufuna kuthawa, ukapanda kumanga wina akavulala ripoti imalembedwa dzina lako.

Sista in-charge: Achimwene palibe wakuweruzani, tonse naiti taigwirapo. Koma munthu wa akathisia kumumanga nkumuzunza kawiri, thupi likuti yenda zingwe zikuti ayi. Mpatseni khonde aziyenda. Ndipo zikafika poti palibiretu njira ina, osamugoneka chafufumimba chifukwa anthu amabanika nkufa, wina akhale pompo, muziona kupuma kwake ndi manja ake mphindi 15 zilizonse, mulembe nthawi, akangokhazikika masulani osadikira kuche. Kumanga chifukwa ndife ochepa si chithandizo, limenelo ndi vuto la rosita ndipo lipite kwa akuluakulu molemba. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inayambitsa QualityRights, pulogalamu ya ufulu wa odwala matenda a maganizo, mu 2012 pa nkhani ngati zomwezi, maphunziro ake ali pa intaneti aulere, ine anandisintha mmene ndimalankhulira ndi odwala.

OT (occupational therapist, wothandiza odwala kubwerera ku ntchito za tsiku ndi tsiku): Ine ndiwonjezere mbali ina. Mankhwala akakonzedwa miyendo ikhazikika inde, koma manyazi omangidwa anzake akuona sachoka ndi piritsi. Sista mukhale naye pansi, mumufotokozere kuti anali mankhwala osati iye, ndipo mupepese, kupepesa sikuchotsa yunifolomu. Muzimutchula dzina lake osati "wa bedi ya pakona uja". Avale zovala zake, asankhe yekha nthawi yosamba, apatsidwe kantchito kakang'ono koti mawa wina amuuze zikomo. Ambiri amene amasiya mankhwala akatuluka mukawafunsa bwinobwino amakumbukira usiku ngati umenewu.

Achimwene a naiti: Kupepesa kwa wodwala?? Sindinaonepo.

OT: Yesani kamodzi muone mmene amamwera mankhwala mawa lake.

Sista in-charge: Nanunso sista mwagona liti? Mausiku atatu ndi mtima wolemera chonchi, kapumeni, nkhaniyi tiikambirane pa handover tonse, isakhale katundu wanu nokha.

Nesi wausiku: Dokotala wamuona, akuti ndi akathisia ndithu, dozi yatsitsidwa ndipo ayamba propranolol. Ndamuuza kuti lero zingwe kulibe, khonde ndi lake. Wandifunsa ngati angapatsidwe nsapato zake zinasungidwa ku stolo tsiku lomwe anabwera, akuti simenti ikumuzizira. Makiyi ali ndi ndani?