Kugula diresi pa Facebook uli ku Bangula

Mayi a ku Bangula: Amayi anzanga, ndaona diresi pa Facebook, wogulitsa ali ku Limbe. Ndidziwa bwanji kuti indikwana ndisanatumize ndalama?

Telala wa pa Nchalo: Achemwali, zilembo za M ndi L musazikhulupirire. L ya ku China nthawi zambiri imachepa poyerekeza ndi L ya kaunjika wochokera ku Ulaya. Tengani tepi, mudziyeze pachifuwa ndi m'mahipi. Wogulitsayo ayale diresiyo pansi, ayeze kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linalo, nambalayo muichulukitse kawiri. Ipose muyezo wanu wa pachifuwa ndi masentimita 4 kapena 5, apo ayi zipi siitseka. Yaikulu timabweza, koma yothina nsalu yoonjezera tiitenga kuti?

Anakubala a ku Ngabu: Muonenso nsalu. Ndi dzuwa lathu la mu Okutobala, poliyesita imamata thupi ndi thukuta. Akujambulireni kalebo ka m'kati, musankhe ya thonje. Vidiyo aijambule panja masana, chifukwa getsi limasintha mtundu.

Wa pa Dyeratu: Pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lotuluka lifanane ndi la wogulitsayo. Tumizani kaye theka. Akapereka katundu kwa kondakitala, akupatseni nambala ya foni ya kondakitalayo ndi ya minibasiyo.