Gulu la banja: nkhani ya msilikali wathu

Achemwali (Moatize): Mwaswera bwanji nonse. Usiku ndinalankhula ndi achimwene. Kalata ija yatuluka. Awachotsa pa udindo wotsogolera anzawo, akuti akalondere nyumba yosungira katundu ku Niassa. Pa lipoti la ntchito awalemba kuti ndi aulesi, sayankha akaitanidwa. Ndi lipoti lotero kukwezedwa kulibe.

Mlamu (mkazi wa msilikali): Ayankhe bwanji khutu lamanzere litafa? Bomba linaphulika pafupi nawo ku nkhondo ku Macomia, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo kuyambira pamenepo ukawalankhula uli kumbuyo samva. Usiku amadzidzimuka, thukuta lili kamukamu, chitseko chikamenyetseka amadzigwetsa pansi. Asanapite ku Cabo Delgado malipoti awo onse anali abwino, ndinawasunga m'sutikesi. Akuluakulu awo akudziwa kuti akudwala, ndi omwewo amene anawapatsa chilolezo chopita kuchipatala.

Mayi: Ine mtima wanga suli m'malo. Mwana wanga angobwera kuno ku Dómuè, munda wa mbatatesi ulipo. Kulimbana ndi akuluakulu a asilikali kungamuike m'mavuto ena.

Malume (Ulongué): Mlongo wanga, ndakumvani, koma asayerekeze kuchoka popanda chilolezo. Kumeneko ndi kuthawa usilikali, ndi mlandu. Angataye malipiro, penshoni, ngakhale thandizo la matenda omwewa. Ku Niassa apite monga alamulidwa, dandaulo liziyenda iye ali pa ntchito.

Azakhali (Tsangano): Nanga dandaulolo silimudanitsa ndi abwana ake?

Malume (Ulongué): Mwina limudanitsa. Koma akakhala chete, pepala lonena kuti ndi waulesi likhala m'faelo mpaka kalekale, la khutu lisakulembedwa paliponse. Mawa akadzafuna thandizo adzamuuza kuti anagontha ali kumudzi. Nkhondo imeneyi inayamba 2017 ku Mocímboa da Praia, ana ambiri abwerako ovulala, ndipo amene alibe pepala la dokotala ndi amene amavutika kwambiri.

Mwana wa azakhali (Tete, mphunzitsi): Malume anena zoona. Ndondomeko yake ndi iyi: ayambe kulembera amene anasaina lipotilo kuti alionenso. Akakana, recurso, ndiye kuti apilo, ipite kwa mkulu wa pamwamba pake. Zikakanika konseko ndiye kuli Tribunal Administrativo, khoti loona madandaulo otsutsa zigamulo za maofesi a boma. Zonsezi zili ndi masiku ake, tikachedwa chitseko chitsekeka. Achemwali, funsani tsiku limene anasainira kuti alandira kalatayo. Chachikulu apemphe junta médica, ndiye kuti gulu la madokotala, amuyeze, alembe kuti khutu linawonongeka ali pa ntchito. Popanda zimenezo ndi mawu ake okha kulimbana ndi mawu a abwana.

Achemwali (Moatize): Anasaina Lachitatu lapitali. Nanga loya timupeza kuti? Ndalama za loya ife tilibe.

Mwana wa azakhali (Tete, mphunzitsi): Ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa za malamulo, amathandiza ulele anthu osowa, ofesi ilipo muno mu Tete. Lolemba ndipitako ndikatuluka kusukulu. Alamu, jambulani mapepala onse, a chipatala, a mankhwala, malipoti akale, munditumizire pandekha, osaika pa gulu. Enieniwo musapatse munthu aliyense, kulikonse tizipereka makope, ndipo kope yathu izidindidwa kuti alandira.

Mlamu: Ndijambula usiku uno ana akagona. Pali mnzawo amene anali naye tsiku la bombalo, anati akhoza kuchitira umboni.

Malume (Ulongué): Ameneyo dzina lake lisatchulidwe pano, nayenso adakali pa ntchito. Tsopano za ndalama. Akamuitanira ku chipatala cha asilikali ku Maputo, asapite yekha. Munthu wosamva bwino pamaso pa madokotala amangovomera chilichonse. Mkazi wake apite naye. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 1,500, pali basi, chakudya ndi pogona. Ine ndaika 3,000 meticais.

Azakhali (Tsangano): Ine 1,500, ndikagulitsa tirigu Loweruka. Ana abwere kwa ine mayi awo akachoka.

Bambo aang'ono (Dedza): Pepani netiweki. Yanga ndi makwacha, ndisintha pa Calómuè ndidzapereke pamanja kwa alamu ku Ulongué. Akakhala ku Maputo anenenso za tulo tija, asangonena za khutu lokha. Amuna timabisa zoterezi.

Mlamu: Zoona bambo, amachita nazo manyazi. Ndikanena ndine.

Achemwali (Moatize): Ya e-Mola ndi M-Pesa tumizani kwa ine, ndizilemba pano aliyense aone. Ine 2,000.

Mayi: Chabwino, chitani. Ndigulitsa mbuzi imodzi. Koma achimwene, muimbireni mwana wanga nokha, amve kuchokera pakamwa panu kuti asathawe.

Malume (Ulongué): Ndimuimbira 7 koloko akaweruka. Aphunzitsi, Lolemba madzulo mutiuze zimene a IPAJ anena.