Wodwala khunyu akuti akuiwalaiwala koma ndikamuyesa akukhoza, nditani?

Kiliniko ofesa wa ku OPD: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi wina wogulitsa tomato kumsika, ali pa mankhwala a khunyu a phenobarb kalekale ndipo kugwa kunachepa ndithu, koma ulendo ulionse akabwera kudzatenga mankhwala nkhani ndi yomweyo, akuti mutu wanga sukugwira adokotala, ndikuiwala amene watenga pangongole, chenji ndikumabweza kawiri. Ndinamupatsa mawu atatu oti asunge, patadutsa mphindi 5 anatchula onse, tsiku ndi mwezi akudziwa bwinobwino. Ndiye ndimuuze kuti alibe vuto? Mtima ukukana.

Nesi wa mental: Ayi adokotala, mukatero sadzakuuzaninso kanthu. Mwamufunsa za tulo? Za kunyumba? Kwa odwala khunyu, kudandaula za kuiwala nthawi zambiri kumayenda limodzi ndi nkhawa komanso kukhumudwa kuposa mmene kumayenderana ndi zotsatira za mayeso. Munthu amene akungoganiza kuti ndigwa liti, ndigwera pamoto kapena pagulu, zinthu sizilowa n'komwe m'mutu, ndiye akumbukira chani. Fomu ya mafunso yoyezera kukhumudwa, PHQ-9, ya Chichewa ilipo, muyeseni nayo.

Kiliniko ofesa wamkulu: Asisita anena zoona koma tisathamangire kuti zonse ndi maganizo. Mawu atatu pa mphindi 5 ndi kayeso kakang'ono kwambiri achimwene. Khunyu yoyambira mbali ya ubongo imene imasunga zinthu, temporal lobe, ili ndi khalidwe loti munthu amagwira bwino lero, pakatha theka la ola akadali nazo, koma pakadutsa masiku kapena masabata zafufutika msanga kuposa anzake. Inu mumuona ali bwino pa tebulo panu, iye akuvutika kumsika, ndipo nonse mukunena zoona. Chinanso funsani wowayang'anira ngati pamakhala nthawi yoti amangoti duu, kutafuna milomo, kugwiragwira chitenje, kenako kutsitsimuka osadziwa chachitika. Kumeneko ndi kugwa komwe ngakhale munthu sanafike pansi, ndipo ambiri sakuwerengera. Palinso ena otembenuza, amati ndili bwinobwino pomwe apabanja akuti ndiwo zimapserera pamoto tsiku ndi tsiku, nchifukwa chake ine sindimvera mbali imodzi.

Wa ku famase: Musaiwale phenobarb yemweyo bwana, amagonetsa komanso amachedwetsa kuganiza. Akumwa nthawi yanji? Ena amamwa m'mawa n'kumasinza tsiku lonse pomwe akanamwa usiku. Koma chonde asasiye mwadzidzidzi, angagwe mosalekeza. Mukafuna kusintha mankhwala onani kaye ngati ali pa ma ARV kapena ali ndi kulera kwa pamkono, chifukwa mankhwala a khunyu a carbamazepine ndi phenobarb onse amafooketsa ARV ya dolutegravir ndi kulera kwa pamkonoko (implant), ndipo mankhwala ena a khunyu a valproate kwa mayi woti angatenge mimba ndi woopsa kwa mwana.

HSA (mlangizi wa zaumoyo kumudzi): Ife kumudzi timamva zina zimene kuchipatala sanena. Munthu akhala akuuzidwa kuyambira ali mwana kuti wakhunyu mutu suyenda, ena mpaka anawasiyitsa sukulu, ndiye akaiwala kiyi basi amati matenda aja andimaliza, pomwe tonse timaiwala makiyi. Zimandipweteka kwabasi. Kakope kamathandiza, alembe ngongole pompo pamalo, ndi alamu ya pafoni ya mankhwala.

Kiliniko ofesa wa ku OPD: Zikomo nonse. Ndayang'ana m'buku lake la kuchipatala, za nthawi yomwera palibe chinalembedwa, ndimufunsa. Akubwera Lachinayi, ndamuimbira kuti abwere ndi mchemwali wake amene amakhala naye. Ndipanga PHQ-9, ndifunsa za kungoti duu kuja, kenako ndimufotokozera kankhani kakafupi n'kukalemba kumbali kuti ulendo wotsatira ndione chatsala m'mutu.

Kiliniko ofesa wamkulu: Zili bwino. Azilemba tsiku lililonse limene wagwa kapena wangoti duu, ndi tsiku limene waiwala chinthu chachikulu. Zikamakumana, kapena kuiwalako kukamakula mwezi ndi mwezi, mutumizeni ku chipatala chachikulu cha Central akamuone bwino.